Zikhomo Zinayi za Mitu Yofiira

Pa Kamphulusa panalibe munthu amene sanamve za nyumba ya Lufina, ngakhale kuti nyumbayo inali isanakumbidwe ndi maziko omwe. Mayi akabwera kudzasoketsa diresi pakhonde pamene Lufina ankapalasa makina ake, ankachoka atadziwa kumene pabalaza padzayang'ane. Bambo wa kabaza akabwera kudzaikitsa chigamba, ankachoka atadziwa mtundu wa makatani. Musamuseke, abale. Mtsikana woti anzake onse anabereka kalekale, akapeza mwamuna wa ntchito yake, wosamwa, wodziwa kuvula chipewa pamaso pa apongozi, pakamwa sipatsekeka ayi.

Mwamunayo anali Elson wa kwa Champiti, mmodzi mwa anthu oyeza malo amene anabwera kudzakonza mapulani a tawuni. Pajatu Kamphulusa anakula mwachisawawa. Maminibasi a ku Nzama ankaima pakati pa msewu, a kabaza ankatseka khomo la tchalitchi, amayi a kachewere ndi kabichi ankayala malonda mpaka m'ngalande. Ndiye komiti ya chitukuko inaitana kampani ina kuti iyeze, ione podutsa misewu ndi pokhala depoti. Elson anafika pakhonde la Lufina jekete litang'ambika pa waya, ndipo jeketelo linang'ambikanso katatu mwezi womwewo. Kachitatuko Lufina analitembenuza n'kunena kuti, "Achimwene, apa mwachita kudula ndi lezala." Basi, nkhani inayambira pomwepo.

Mwezi wa Meyi ankhoswe anakumana, chikole chinaperekedwa. Amalume ake a Lufina, a Lazarus, amene unyamata wawo unathera m'migodi ya ku Joni, anatenga Elson n'kupita naye kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo, Anangondo, mayi a Lufina. Analoza ndi ndodo kuchokera pa mtengo wa pichesi kukafika kumene munda umatsikira kudambo.

"Kuno kwathu mkamwini timamulozera pomanga," anatero a Lazarus. "Apa ndi panu. Mudzamange, mudzalime, mudzatisungire mwanayu ndi mayi akewa."

Elson anawomba m'manja, mutu uli pansi. Patatha masabata awiri anabwera ndi tepi ndi hamala, n'kukhoma zikhomo zinayi zopaka penti wofiira kumutu, kumunsi kwenikweni, m'mphepete mwa dambo. Lufina anamupeza akukhoma chomaliza.

"Ndiye mwayamba osandiuza?"

Elson anadzidzimuka mpaka hamala kugwa. "Lufina, izi usazikhudze. Usauzenso munthu. Zikapsa ndidzakufotokozera ndekha."

Lufina anayenda kuchoka pa chikhomo china kukafika pa chinzake, akuwerenga mapazi. "Iii, kukula konseku! Kodi ndi nyumba kapena tchalitchi?"

Elson anangoseka mokakamiza. Zoti asauze munthu zija zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Koma chimodzi chinkamusowetsa mtendere mtsikanayo. Pamene Elson anakhoma zikhomo mpachinyontho, mvula ikagwa madzi amaima mpaka Epulo. Komanso mpatali ndi amayi ake, amene miyendo inkawatupa. Atati aitane ali m'nyumba, wa kudamboko angamve? "Amuna adziwa chiyani za pokhala nyumba," anadziuza choncho. Lamlungu lina masana, anthu atakhamukira ku mpira, amayi ali m'tulo, anatenga tepi yake yosokera, chingwe ndi mwala. Anazula zikhomo zonse zinayi, n'kuzikwezera kumtunda, n'kuzitembenuza kuti khomo lake lidzayang'anane ndi khomo lakuseri la amayi ake. Telala ndi telala, mlifupi ndi mlitali sanaphonye ndi inchi yomwe. Kuti asasokonezeke poyeza, m'maenje akale ankatsindiramo tizidutswa ta nsalu yobiriwira ya maluwa a nkhanga, yomwe ankasoka kuti adzavale pa chinkhoswe. Ankati adzamuuza Elson tsiku lokumba maziko, adzaseke onse awiri.

Mwezi wa Julayi Elson anatumizidwa kukayeza kwina. Kunabwera anzake awiri ndi ndodo yaitali ya kambale kumutu, n'kumaiimika pa chikhomo chilichonse, akulemba. Lufina anangoti mumtima ndi anzake a Elson akuthandiza kujambula pulani ya nyumba. Anawapatsa thobwa, n'kuwathokoza mpaka kugwada.

* * *

Lachisanu la msika, mwezi wa Ogasiti, pakhonde paja panafika Selestina Maliro kudzayesa diresi. Selestina anali mlembi wa komiti ya chitukuko, mwana wa a Maliro a chigayo ndi nyumba ya alendo kumene oyeza malo ankagona. Kuti ankamufuna Elson, ngakhale agalu a pamsika ankadziwa. Antchito alipo atatu, koma madzi osamba a Elson ankapititsa yekha.

"Mwaswera bwanji, mayi a nyumba yaikulu?"

"Ndaswera, kaya inu. Kwezani mkono," anatero Lufina, mapini ali pakamwa.

"Ndamva mukuti pabalaza padzakhala pakati pa zikhomo zija. Mukonzeretu mipando yambiri, asisi, chifukwa alendo anu ndi maminibasi."

"Mukuti chiyani?"

"Aaa, kodi sanakuuzeni?" Selestina anagwira pakamwa ngati wamva chisoni, koma maso akuvina. "Zikhomo za nyumba sapaka penti, asisi. Za mitu yofiira ndi za msewu. Ndi msewu wolambalala msika umenewo, wopita ku depoti yatsopano. Mapu amatidwa m'mawa uno pakhoma la holo."

Lufina anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi, kuopa kumeza.

"Bodza."

"Ine ndadziwa kuyambira Juni. A Elson anandionetsa okha." Selestina anatulutsa foni n'kuiyandikitsa. Pachithunzipo panali Elson atakhala pa tebulo kwa a Maliro, pepala lalikulu litayalidwa, chala chake chikuloza, Selestina atamuweramira paphewa mpaka tsitsi kumukhudza khutu. "Ndinkati poti ndinu a pamtima mukudziwa. Mukamakamba za makatani ndinkangoti asisiwa ndi olimba mtima."

Lufina sanatseke ndi makina omwe. Anangomanga chitenje n'kuuyatsa wa ku holo. Kumeneko anthu anali ataunjikana pakhoma, akukankhana, koma atamuona anapatuka okha, phokoso n'kuti zii. Iye za mapu sankazidziwa, koma mzere wofiira anauona. Unkachoka pa mlatho, kuzungulira kuseri kwa msika, kukwera m'munda mwawo, n'kudutsa pamwamba pa kabokosi kakang'ono koyandikana ndi mtengo.

"Si nyumba ya Anangondo iyi?" anafunsa mayi wina monong'ona.

"Ndi yomweyo," anayankha bambo wina kumbuyo. "Ena mkamwini amabwera ndi khasu, awa wabwera ndi msewu m'thumba."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Lufina anamva manyazi kuyambira kuphazi mpaka kuliwombo. Miyezi itatu yathunthu akulalikira nyumba kwa tawuni yonse, chikhalirecho akusesa pakati pa msewu!

* * *

Ali m'njira yopita kwawo analembera Elson uthenga pafoni.

"Zikhomo zija ndi za chiyani?"

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Foni inalira, iye n'kuidula. Inaliranso, n'kuidulanso.

"Ndili ku boma, ndibwera mawa m'mawa. Usamve za anthu," analemba Elson.

"Ndafunsa inu, sindinafunse anthu."

Panapita nthawi, foni ikuonetsa kuti akulemba, akufufuta, akulembanso.

"Ndi za msewu. Koma si mmene ukuganizira."

"Selestina ankadziwa?"

"Ndi mlembi wa komiti, Lufina."

"Ndiye ine ndine ndani?"

Sanadikire yankho. Anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama.

Atafika pakhomo anangoima chilili. Pakhoma loyang'ana ku mtengo wa pichesi, pambali pa zenera, panali mtanda waukulu wa penti, wofiira psuu, wosauma n'komwe. Anangondo anali atakhala pa mkeka pabwalo, miyendo yotupa ija atatambasula, akungouyang'ana.

"Abwera anyamata awiri aja unawapatsa thobwa," anatero osatembenuka. "Apereka moni bwinobwino. Akuti tidzapatsidwa malo ena kuseri kwa phiri."

"Amayi..."

"Njerwa izi anaumba bambo ako ndi manja awo, atabwerako kumgodi chifuwa chitatha kale. Ankaumba khumi, n'kukhala pansi kutsokomola, n'kuumbanso khumi. Malata atakhoma anagonamo miyezi isanu ndi umodzi basi. Ine ndinkati ndidzatulukira khomo lomwe anatulukira iwo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Elson uja ndinkamuphera nkhuku, Lufina. Ankadya ali phee, akuyang'ana khoma lomweli."

Lufina anagwada n'kuika mutu pamiyendo pa amayi ake. Analira kulira kwa munthu wopusitsidwa, kumene kumawawa kuposa kwa maliro.

* * *

Loweruka m'mawa dzuwa lisanatenthe, Elson anatsika pa njinga ya kabaza, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anapeza a Lazarus atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa pichesi, chibonga chawo chili pambali. Anangondo anali pa mkeka, Lufina kumbuyo kwawo. Pakati panali kamtolo: nsalu, mpango ndi mphete, chikole chonse monga chinabwerera.

Elson anavula chipewa n'kunjuta. Moni wake palibe anayankha.

"Ine ndayenda, bambo," anayamba a Lazarus. "Ndaona azungu a mgodi akunama, ndaona akapitawo akunama. Koma munthu womulozera malo ndi ndodo yanga, iye n'kuwomba m'manja, mawa lake n'kudzakhomapo msewu, ameneyo ndamuonera kuno kwathu. Akuluakulu sananame, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Tengani katundu wanuyo."

"Amalume, ndalakwa. Koma ndiloleni ndilankhule."

"Amalume anu ali kwa Champiti."

Elson anapitiriza. "Pulani yoyamba ya ku ofesi inkadutsa panyumba pano. Nditaiona sindinagone. Ndinalimbana nawo masabata awiri kuti msewu ukhote, utsike m'mphepete mwa dambo, udye munda wokha, nyumba itsale. Anavomera, koma anati ndikhome ndekha zikhomo za pokhotapo, anzanga adzabwere ndi makina kudzawerenga pamene zaima, mapu alembedwe kuchokera pamenepo. Tonse tinalumbira kuti sitiuza munthu mpaka mapu atuluke."

"Ndiye ine ndinali munthu wamba?" Mawu anamutuluka Lufina asanapemphe n'komwe kulankhula. "A Elson, ndinakufunsani pamaso, kodi ndi nyumba kapena tchalitchi? Munaseka. Ndinkakuonetsani nsalu za makatani, inu n'kumati yabwino ndi iyi. Ndinkakufunsani chipinda cha ana chidzakhala mbali iti, inu n'kumati tidzaona. Miyezi itatu! Selestina akubwera pakhonde langa, ndikumuyeza m'chiuno, iye akundiseka mumtima, inu mukudziwa."

"Ndinkaopa, Lufina. Ndinkati ndikanena kuti theka la malo amene andipatsa likupita ku msewu, amalume andithamangitsa. Ndinkati mapu akatuluka ndidzabwera ndi nkhani yabwino, yoti nyumba ya amayi yapulumuka."

"Munaopa amalume, koma ine simunandimvere chisoni."



"Yapulumuka?" A Lazarus analoza khoma ndi chibonga. "Icho ndi chiyani? Ndi maluwa?"

"N'chimene chandizunguza mutu. Dzulo ndinauona mzerewo ku ofesi, si wanga ayi. Wanga unkatsika kudambo. Uwu ukukwera, ukulunjika pakhomo lakuseri ngati wachita kulozedwa. Anzanga akulumbira kuti anawerenga zikhomo pamene anazipeza. Ndiye kuti alipo anazisuntha."

Mtima wa Lufina unagunda kamodzi, gu! Chichokere dzulo iye ankaganiza kuti mapu amabadwira ku ofesi, zikhomo n'kumatsatira. Zoti mapu angatsatire zikhomo, zimenezo sizinamufikepo m'mutu. 

A Lazarus anaweramira kutsogolo. "Mzere wanu wa kudambowo, kutsogolo kwake unkakhudza ndani?"

"Unkadya pang'ono mpanda wa chigayo cha a Maliro."

"Ehee!" Mkuluyo anamenya chibonga pansi. "Ndiye wapanowu?"

"Sukuwakhudza."

"Basi! Fisi wadziwika. Mwana wawo ndiye mlembi, mapepala onse amagona kwawo, ndipo mwamuna yemweyu akumufuna. Maliro ndinamudziwa ali wosavala ameneyo."

"Tisafulumire," anatero Elson. "Ndiloleni ndikaone kaye pamalopo. Lufina andiperekeze, ndiye amadziwa mundawu."

A Lazarus anakweza dzanja monyansidwa. "Pitani. Koma mukhale poti ndikuoneni."

* * *

Anatsika m'munda osalankhulana, mapesi akuthyoka kuphazi. Elson anaima pa zikhomo, n'kutulutsa tepi. Anayeza mlifupi, anayeza mlitali, anayeza chopingasa, n'kupukusa mutu.

"Amene anachita izi amadziwa kuyeza. Sanaphonye ndi chala chomwe. A Maliro sangathe zimenezi."

Lufina ankangoyang'ana zala za kuphazi.

Elson anatsikira kudambo, akuwerenga mapazi kuchokera pa chulu cha m'mundamo. Anagwada, n'kupalasa dothi ndi dzanja mpaka anapeza dzenje lakale. Anapisamo zala ziwiri. Chimene anatulutsa chinali chodetsedwa ndi dothi, koma atachikung'untha maluwa a nkhanga anaoneka, pa nsalu yobiriwira. Malaya ake a chinkhoswe, amene Lufina anamuyesa asanatumizidwe kwina kuja, anali a nsalu yomweyo.

Elson anayang'anitsitsa kansaluko. Kenaka anadzuka n'kubwera pafupi, msana atalozetsa kwa a Lazarus.

"Lufina."

"Pamadikha madzi pamenepo," anatero Lufina. "Ndinkati nyumba idzanyowa. Ndinkati amayi akadzaitana ndizidzamva. Ndinkafuna khomo lathu liyang'anane ndi lawo."

"Mayo ine! Si ndinati usazikhudze?"

"Munati ndisazikhudze, koma simunati ndi za chiyani!" Misozi inali chuchuchu, koma mkwiyo unali usanathe. "Mukanangondiuza mawu amodzi, amodzi okha, bwenzi nditazula? Munandisiya ndizisewera ndi msewu ngati mwana wa masanje. Inu ndi amene mwandigwetsetsa nyumba ya bambo anga ndi manja angawa."

Elson sanakane. Anafumbata kansaluko n'kuyang'ana kumbali.

"Zingakonzeke?" anafunsa Lufina.

"Pali masabata awiri oti anthu adandaule. Ndikalemba kuti zikhomo zinasunthidwa, abweranso kudzayeza, nyumba itha kutsala. Koma sangakhulupirire pakamwa pokha, adzafuna umboni ndi dzina la wosunthayo. Ndipo komiti inagwirizana kale kuti wozula chikhomo nkhani yake ikathera ku polisi."

"Nanga mukapanda kulemba?"

"Nyumba ipita. Ine ndidzakhala Yudasi wa pa Kamphulusa mpaka kufa, koma iwe palibe adzadziwe."

Lufina anatseka maso. "Kalatayo imakaperekedwa kwa ndani?"

Elson anazengereza. "Madandaulo onse amalandira mlembi wa komiti."

Abale inu, Selestina! Yemwe uja wa diresi losamaliza, adzatsegule envulopu, adzatulutse kansalu ka chinkhoswe, adzawerenge dzina pamaso pa komiti yonse. 

"Mwapezako chiyani uko?" anakuwa a Lazarus.

Anakwera pang'onopang'ono ngati anthu ochokera kumanda. Atafika pa mtengo wa pichesi anapeza mkuluyo ataimirira kale, jekete atavala, chipewa chili kumutu.

"Zinasunthidwadi," anatero Elson. "Maenje akale ndawapeza."

"Ndinanena ine! Umboni wina ulipo?"

Elson anayang'ana Lufina. Dzanja lake lamanja linali chifumbatire.

"Ndikufufuzabe," anatero.

"Fufuzani inuyo a sukulu. Ine Maliro ndikamufunsa ndi ichi, anthu onse a pachigayo akumva." Anaika chibonga paphewa n'kuuyamba ulendo, osamva kuitana kwa Elson.

Anangondo anadzikoka pa mkeka paja n'kugwira dzanja la mwana wawo. Nkhope yawo inali itawala koyamba chichokere dzulo, poti tsopano mdani anali wakunja, osati mkamwini amene ankamuphera nkhuku.

"Lufina mwana wanga, iwe umasesa pa zikhomo paja m'mawa uliwonse. Palibe angapondepo iwe osaona phazi lake. Usaope munthu, ine ndilipo. Tandiuza, wandigwetsera nyumba ndani?"

Lufina anayang'ana dzanja lofumbata la Elson, anayang'ana mtanda wofiira pakhoma la bambo ake. Kumsewu, chipewa cha a Lazarus chinali chitafika kale pa mlatho, kulunjika kuchigayo.

"Amayi," anayamba Lufina.

"Nena, mwanawe," anatero Anangondo, akumusisita dzanja lomwe lija linazula zikhomo. "Ameneyo ine sindidzamukhululukira mpaka m'manda."